Loko ndi handulo ya chitseko cha kumbuyo kwa pikapu: momwe ntchito yayendera

Loweruka, tsiku loyamba

Handulo ya chitseko cha kumbuyo inathera m'manja mwanga sabata yatha. Ndinakoka monga mwa masiku onse, kunangomveka kuti phwa, m'zala n'kutsala kachidutswa ka pulasitiki, chitseko chili chitsekere. Sindinganame kuti inandidzidzimutsa. Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikutsegula chitsekochi mochita kulimbana nacho: dzanja likukoka handulo, bondo likukankha ngodya ya kumanzere, kenako kugwedeza mpaka chigonje. Ndinazolowera moti ndinasiya kuchiwerengera ngati vuto.

Lero ndakwera m'bodi n'kumasula chivundikiro cha mkati mwa chitseko. Chili ndi masikulu 8 a mutu wa mtanda. Apa ndilembe msanga zomwe zinandipwetekapo kale pa ntchito ina: pa magalimoto ambiri a ku Japan mtanda wa sikulu umakhala wa muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS, osati wa Phillips umene tinauzolowera. Pamaso n'zofanana, koma sikuludiraiva ya Phillips siikhazikika mpaka pansi, ndiye ukaikakamiza imatumphuka n'kudya mutu wa sikulu. Ndagwiritsa ya JIS, ndikuigogoda pang'ono ndi hamala ndisanapotoze. Masikulu 7 atuluka mosavuta, imodzi ndachita kuipana ndi pulayazi.

M'katimo mulibe zambiri. Pakati pali handulo, kumbuyo kwake kuli timikono tiwiri tachitsulo tozungulira pa msomali. Pa kamkono kalikonse pachoka rodi yopyapyala kuposa pensulo, ina kulowera kumanja, ina kumanzere, ndipo iliyonse ikukathera pa loko ya mbali yakeyo. Lokoyo ili ndi nsagwada yooneka ngati chilembo cha U, imene imazungulira n'kuluma chikhomo chomangidwa pa khoma la bodi. Ikaluma, kambedza kokhala ndi sipuling'i kamagwera pa dzino lake kuti isabwerere. Ukakoka handulo, timikono timakokera marodi pakati, timbedza timanyamuka, nsagwada zonse ziwiri n'kulavula zikhomo. Basi, nzeru yake ndi yomweyo.

Poti handulo kulibe, ndakoka marodi ndi manja. Ya kumanja yamasuka ndi zala ziwiri zokha, kuti kho. Ya kumanzere ayi ndithu. Ndaipana ndi pulayazi, ndatsamiritsa phazi pa khoma la bodi, ndakoka mpaka thukuta, m'pamene yavomera monyinyirika.

Ndinabwera ndi maganizo ogula handulo yatsopano, kumanga mabawuti awiri n'kusamba m'manja. Tsopano ndaona kuti handulo ija inangofera za eni. Mphamvu zonse zimene ndaika pa pulayazi lero ndi zimene kachidutswa ka pulasitiki kaja kamasenza tsiku ndi tsiku. Ndikanaika yatsopano pamenepo, nayonso ikanatsatira mnzake.

Lamlungu

Tsiku lomasula. Ndisanakhudze sipanala ndajambula zonse pa foni: momwe rodi iliyonse yalowera m'kamkono, mbali imene makilipi apulasitiki akutsekera, ndi kumene rodi yapindikira. Marodi awiriwa sali ofanana ngakhale akuoneka choncho, ndiye ndamata tepi pa iliyonse n'kulemba mbali yake. Ndazunguliranso zikhomo zonse ziwiri ndi cholembera kuti ndidziwe pamene zinali, ngati ndingadzazisunthe.

Pa mapikapu ena chitseko chimachoka chonse popanda sipanala: umakowola zingwe zochigwira, kuchiimika mopendekera pafupifupi madigiri 45, n'kuchisolola mbali imodzi kenako inayo. Yanga ndi ya mahinji omanga ndi mabawuti, choncho ndachisiya pomwepo, chogona pa zingwe zake ngati tebulo. N'zabwinonso, chifukwa ndikugwirira ntchito pamwamba pake.

Makilipi a marodi ndi okalamba. Kilipi yotere imatseguka poizungulitsa kuchoka pa rodi, kenako rodi imasololoka pa bowo. Iwiri yatseguka, iwiri yathetheka ndisanaikakamize n'komwe. Pulasitiki ikakhala zaka zambiri pa kutentha imauma n'kusanduka ngati chigoba cha dzira. Ndalemba pa mndandanda wa zogula: makilipi onse anayi, kuphatikizapo apadera.

Loko iliyonse yamangidwa ndi mabawuti atatu a M8, kutanthauza onenepa mamilimita 8. Mitu yake ndi ya sipanala 12, monga zimakhalira pa magalimoto a ku Japan, pamene pa a ku Ulaya bawuti yomweyo ya M8 imafuna sipanala 13. Kumanja onse atatu atuluka ngati anamangidwa dzulo. Kumanzere awiri atuluka akulira, yachitatu yakana. Ndaipopera mafuta omasula dzimbiri, ndaisiya ola lathunthu, ndaigogoda pamutu, kenako ndayamba kuimanga pang'ono ndi kuimasula pang'ono, kupita ndi kubwerera, kuti dzimbiri lisweke m'mazinga. Mtima umafuna kungoika paipi pa sipanala n'kudumphira, koma nati yake ndi yowotcherera mkati mwa chitseko. Ikathothoka imeneyo, kapena bawuti ikadukira m'katimo, ntchito ya Lamlungu limodzi isanduka ya mwezi. Yatuluka dzuwa litapendeka, mazinga ake ali ofiira ndi dzimbiri koma amoyo.

Funso limene landikhala m'mutu tsiku lonse: bwanji kumanzere kokha? Yankho ndalipeza ndi tochi. Pansi pa chitseko pali timabowo totulutsira madzi. Ta kumanja n'totseguka, ta kumanzere tatsekeka ndi matope ouma gwa. Madzi a mvula ndi otsukira galimoto akalowa amakhala m'ngodya imeneyo, ndipo nthawi iliyonse ndikatsitsa chitseko kuti chigone, madzi amatopewo amayenderera mpaka pa loko. Ndatokosa timabowo ndi waya, mwatuluka dothi lodzaza manja awiri.

Lachiwiri madzulo

Ndaviika maloko onse awiri m'parafini usiku wathunthu, lero ndawakwecha ndi burashi ya waya. Ya kumanja yayera, nsagwada ikuzungulira bwino, kambedza kakugwa ndi mawu omveka. Ya kumanzere yamasuka, koma sipuling'i ya kambedza yadyeka mpaka yatsala ngati ulusi, ndipo dzino limene kambedza kamagwira lafumbutuka, lasanduka lobulungira. Loko yotere imatseka, inde, koma ingathe kulavula pa bampu iliyonse. Iyi ndiyotaya.

Ndalingalira zongosintha imodziyo. Ndasankha kusintha zonse ziwiri. Yakale yofewa ndi yatsopano yolimba sizingamasuke ndi mphamvu yofanana, ndipo kusafanana kumeneko ndiko kwandifikitsa pano. Ya kumanja ndaipaka girisi, ndaikulunga m'kansalu n'kuisunga.

M'ngodya muja munali matope ndapalamo dzimbiri ndi sandipepa, ndapaka penti woteteza ku dzimbiri kawiri. Aume mpaka zipangizo zifike.

Lachisanu

Zafika: handulo, maloko awiri, makilipi 10. Ndisanamange chilichonse ndayala zatsopano pambali pa zakale. Maloko alembedwa L (kumanzere) ndi R (kumanja), ndipo mabowo akugwirizana. Handulo nayo ikulowa pamalo pake, koma yabwera yopanda kaloko ka kiyi, pali bowo lokha. Ndachotsa kakale pa chigoba cha handulo yothyoka ija. Kamagwidwa ndi kilipi yachitsulo yooneka ngati C, imene inauluka nditangoitokosa, ndipo ndakhala nthawi ndithu ndikukwawa pansi pa galimoto ndi tochi. Wina akadzafika pamenepa aphimbe ndi kansalu asanatokose.

M'bowo la kiyi ndathiramo ufa wa girafaiti, osati girisi. Girisi amakoka fumbi, ndipo tizitsulo ta m'kaloko ndi tating'ono moti fumbi pang'ono lokha limatimanga. M'maloko akuluakulu ndi pa msomali wa timikono ndapakamo girisi woyera wa lithiamu, wochepa, pamalo pokhapo pamene chitsulo chikukhudza chinzake.

Loweruka, tsiku lomanga

Kumanga kwenikweni sikunatenge ngakhale theka la ola. Maloko pamalo pake, mabawuti onse kulowetsa ndi zala kaye kuti mazinga asapingasane, kenako kumanga ndi sipanala yoyeza mphamvu. Bawuti ya M8 ya giredi 8.8 (nambala yosonyeza kulimba kwa chitsulo chake) imafuna pafupifupi 25 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira), ya M6 pafupifupi 10 Nm. Manati a handulo ndi a M6, sipanala 10, koma poti akupana pulasitiki sindinafike nawo pamenepo, ndangowakhazika mpaka handulo yasiya kugwedera. Pa mazinga a bawuti yovuta ija ndapakapo mafuta oletsa kugwirana, kuti wodzamasula m'tsogolo asadzanditukwane.

Ndinkaganiza kuti ndamaliza. Maola atatu otsatira athera pa marodi awiri.

Kumapeto kwa rodi iliyonse, mbali ya ku handulo, kuli timizere ngati mazinga a bawuti. Kilipi imatseka pa timizere timeneti, ndipo pamene waitsekera ndi pamene pakhazikitsa kutalika kwa rodi. Mzere umodzi ndi pafupifupi milimita imodzi. Zikuoneka zachabe, koma nkhani yonse yagona pa timizere timeneti. Rodi ikafupika, imakhala ikukoka kambedza ngakhale handulo sunaikhudze, ndiye kambedza kamangogwira nsonga ya dzino. Rodi ikatalika, handulo imafika pamapeto pa ulendo wake kambedza kasananyamuke, chitseko osatseguka. Ndipo ina ikafupika ina n'kutalika, loko imodzi imalavula inzake ikadali chilumire, chitseko chimapotoka, kulemera konse kumatsamira pa loko yotsalayo n'kuilimbitsa kuposa kale, ndipo munthu amene ali panja amangodziwa chimodzi: kukoka mwamphamvu. Umu ndi momwe mahandulo amathyokera.

Poyesa sindinatseke chitseko. Ndasiya chogona, ndatenga sikuludiraiva n'kukankha thunthu lake m'nsagwada ngati chikhomo mpaka loko yatseka, mbali zonse ziwiri. Kenako kukoka handulo. Ulendo woyamba zonse zatseguka, ndinasangalala, ndatseka chitseko, chaluma bwino. Ndiye ndakwera m'bodi n'kuchikankha ndi phewa ngati katundu woselereka. Ngodya ya kumanja yatseguka yokha, handulo osaikhudza munthu.

Pamenepo thupi linachita tsemwe, chifukwa ndinaona m'maganizo zimenezi zikuchitika pamsewu, katundu ali m'bodi, galimoto ina ili m'mbuyo. Cholakwa chinali changa. Potseka kilipi ya kumanja ndinakokera rodi pakati kuti ikhale yowongoka bwino, poganiza kuti kugwedera ndi chizindikiro cha ntchito yosalongosoka. Kugwedera pang'onoko n'kofunika. Ndiko kumasonyeza kuti kambedza kakhala mpaka pansi pa dzino popanda choikoka.

Ndamasula makilipi onse awiri n'kuyambiranso. Tsopano ndinapyola mbali inayo: kumanzere ndinasiya mpata wochuluka, ndatseka chitseko, ndakoka handulo, kumanja kho, kumanzere zii. Chitseko chatsekeka monga chinalili tsiku loyamba, ndi zipangizo zatsopano zokhazokha. Mwayi wake chivundikiro cha mkati ndinali ndisanabwezere, ndiye ndangokwera m'bodi n'kukoka rodi ndi chala. Ndikanakhala nditamanga masikulu 8 aja, bwenzi ndikumasulanso ndikudzitukwana. Chivundikiro chibwerere pomalizira penipeni.

Njira imene yagwira ntchito ndi iyi. Maloko onse akhale otseka pa sikuludiraiva, handulo ili pamalo pake popumira. Rodi uigoneke m'kilipi yotsegula momwe yafikira yokha, osaikoka, osaikankha. Kenako uibweze mzere umodzi kulowera ku loko kuti pakhale kampata ka milimita imodzi kapena ziwiri, n'kutseka kilipi. Zikatero chatsala ndi kufananitsa mbali ziwirizo, ndipo apa maso sathandiza, amathandiza ndi makutu.

Mlamu wanga anafika nthawi yabwino. Ndinati, "Alamu, takokani handuloyi pang'onopang'ono, ngati mukuopa kudzutsa mwana." Ine ndinaika chala pa kambedza ka kumanzere, khutu lili kumanja. Kunamveka kho, kenako patapita kamphindi, kho. Iwo anati, "Yakumanja yatsogola, alamu." Ndinafupikitsa ya kumanzere mzere umodzi. Kho-kho, moyandikana. Mzere winanso, kampata kaja n'kutheratu. Ndinaibweza, m'malo mwake n'kutalikitsa ya kumanja mzere umodzi. Anakokanso, kunamveka kamodzi kokha: kho. Tinabwereza kakhumi, mofulumira ndi mozengereza, mawu ali amodzi.

Ndayang'ananso kuti maloko akamasuka handulo ikhale isanafike pamapeto. Ikumasula itayenda pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ulendo wake. Chotsalacho ndi chosungira m'tsogolo, makilipi akadzayamba kudyeka.

Lamlungu

Lero zikhomo. Dzulo ndinaona kuti potseka ngodya ya kumanzere imachita kukwera pang'ono isanalume, ndipo pamafunika kumenyetsa. Ndapaka choko pa zikhomo zonse ziwiri, ndatseka mofatsa, ndatsegula. Kumanja choko chafufutika mozungulira pakati, bwinobwino. Kumanzere chafufutika pamwamba pokha, kusonyeza kuti mlomo wa loko ukugunda chikhomo n'kukwera pamwamba pake m'malo mochilandira pakati.

Izi si zazing'ono. Mu 2022 mapikapu a Ram oposa 1 miliyoni anaitanidwa kuti akakonzedwe chifukwa zikhomo za chitseko cha kumbuyo zinali zosalunjika bwino, moti chitseko chikanatha kutseguka galimoto ikuyenda. Ngati zoterezi zimachitika pa galimoto yongotuluka kumene m'fakitale, kuli bwanji yanga imene yasenza katundu zaka zonsezi.

Ndamasula mabawuti a chikhomo mongokwanira kuti chizisuntha ukachigogoda, koma osagwa chokha. Ndachitsitsa pang'ono, ndatseka chitseko mofatsa kuti loko ichikokere pamene ikufuna, ndatsegula mosagwedeza, n'kumanga. Poyerekeza ndi mzere ndinalemba sabata yatha, chatsika pafupifupi mamilimita awiri. Choko kachiwiri: pakati. Tsopano chitseko chikutseka ndi dzanja limodzi, osamenyetsa, ndipo m'mphepete mwake mwalingana ndi makoma a bodi mbali zonse.

Poti chikhomo chasuntha, ndabwereza mayeso a dzulo onse, kuphatikizapo la phewa. Ndakankha pakati, ngodya ya kumanja, ngodya ya kumanzere, mlamu wanganso wakankha. Chili nji. Takhoma ndi kiyi, handulo ikuyenda yopanda kanthu monga iyenera kuchitira, tatsegula ndi kiyi, ikugwiranso. Apa m'pamene ndabwezera chivundikiro, ndi sikulu yatsopano m'malo mwa yodyeka mutu ija.

Ndili pomwepo ndasenda pang'ono mphira wokuta zingwe zogwira chitseko, kumapeto kumene chingwe chimalowa m'chitsulo. Madzi amabisala m'menemo, waya n'kumaola osaoneka. Kampani yopanga magalimoto ya General Motors inaitanitsa mapikapu pafupifupi 4 miliyoni mu 2004 pa nkhani yomweyi ya zingwe zodyeka ndi dzimbiri zimene zinkaduka munthu ataima kapena kukhala pa chitseko. Changa cha kumanja n'choyera. Cha kumanzere, mbali ya matope ija, timawaya titatu taduka kale ndipo tikubaya chala. Sabata yonseyi ndakhala ndikugwada pa chitseko chimenechi.

Madzulo tayenda nayo pa msewu wa mabampu, m'bodi muli matayala awiri akale osamanga kuti azigunda chitseko. Sichinatseguke.

Patatha sabata

Handulo ikutseguka ndi zala ziwiri. Kawiri konse ndapezeka nditaika kale bondo pa ngodya ya kumanzere mwachizolowezi, chitseko n'kutsika ndisanakankhe.

Pabuka kaphokoso kakang'ono pa msewu woipa, ngati supuni m'kapu. Poyamba ndinakayikira maloko, koma ndikagwedeza chitseko chotseka sichikusuntha. Ndamasulanso chivundikiro: rodi ya kumanja, chifukwa cha kampata kaja, ikugunda chitsulo cha mkati pakatikati pa ulendo wake. Pa zithunzi za tsiku lomasula ndaona kuti pamalopo panali kasiponji komatidwa, kamene kanagwa pamene ndinkapala dzimbiri. Sindinakhudze kilipi. Ndadula kachidutswa ka paipi ya mphira, ndakang'amba m'litali, ndakaveka pa rodi pamalo ogundawo n'kukamanga ndi tepi. Ndakoka handulo kuti ndione ngati sikakukola pena pake, sikakukola. Phokoso latha.

Timabowo ta madzi ndatiyesa ndi botolo: ndathira madzi m'katimo, atuluka mbali zonse ziwiri.

Zotsala: zingwe ziwiri zatsopano, ndaitanitsa kale, ndipo mpaka zifike palibe wokwera pa chitseko. Timphira tiwiri totsamira chitseko pa makoma a bodi taphwatalala, tifunika kusintha, ndipo ndikadzatero ndidzayesanso choko pa zikhomo chifukwa mphira watsopano adzakankhira chitseko kunja pang'ono. Hinji ya kumanzere ili ndi kampata kamene mwina ndiko kanagwetsa ngodya ija poyamba. Imeneyo ndiiyang'ana Loweruka likubwerali.